Graceland: ulendo wa nyimbo za kumigodi kukafika pa chimbale cha Paul Simon

Golide adapezeka ku Witwatersrand m'chaka cha 1886, ndipo pasadathe zaka zambiri pamalo pomwe padali tchire padamera mzinda wa Johannesburg, umene makolo athu adangoutcha Joni. Migodi inkafuna anthu, ndipo anthu adabweradi: Azulu ochokera ku Natal, Asutu a kumapiri a Lesotho, Ashangani a kumpoto ndi ku Mozambique, komanso amuna a kuno kwathu, ena kudzera ku Wenela, ena paokha pa ulendo wa selufu, wapansi, wa miyezi. Ena adabwerako ndi njinga, jekete ndi galamafoni. Ena adatchona. Onsewo ankagona m'makomboni a amuna okhaokha, kutali ndi akazi ndi ana awo, chitupa chili m'thumba usana ndi usiku.

Munthu wotalikirana ndi kwawo amaimba. M'makomboni a ku Durban ndi ku Joni, amuna a Chizulu ankapanga magulu oimba popanda chida chilichonse, mawu a besi ali ambiri, mmodzi akutsogolera ndi liwu lopyapyala. Akuluakulu amasimba kuti ankavina monyang'ama kuti alonda asadzuke, ndipo Loweruka usiku ankapikisana mpaka mbandakucha, atavala masuti, opambana n'kulandira mbuzi, bulangete kapena kandalama. Chamba chimenechi ndi chomwe chidadzatchedwa isicathamiya. Asutu adatola akodiyoni m'masitolo a pamgodi n'kuiphunzitsa kulankhula chinenero chawo, mayimbidwe a famo n'kubadwa. M'mashabini mudali marabi, nyimbo zongozungulira pa makodi atatu usiku wonse osatopetsa ovina. Cha m'ma 1950 anyamata a m'misewu adatenga kachitoliro kachitsulo kotchipa n'kutulutsa kwela, Spokes Mashiyane akutsogola. Kwela ija idakwera sitima ndi obwerera kumudzi n'kudzamera mizu ku Chileka, m'manja mwa Daniel ndi Donald Kachamba.

Pali nkhani imodzi ya nthawi imeneyo yoyenera kuisunga pamtima tisadapitirire. Mu 1939 Solomon Linda ndi gulu lake la Evening Birds adajambula nyimbo ya "Mbube" ku kampani ya Gallo. Nyimboyo idawoloka nyanja, idasintha dzina kukhala "Wimoweh", kenako mu 1961 "The Lion Sleeps Tonight", n'kulemeretsa anthu ambiri a ku America. Linda adamwalira mu 1962 ali mmphawi, ndipo ana ake adayenera kupita kukhoti kuti mu 2006 apatsidweko kanthu. Choncho oimba a ku South Africa ankadziwa kale zimene zimachitika mlendo akaikonda nyimbo yawo.

M'zaka za m'ma 1960 magitala amagetsi adalowa m'malokeshoni, ndipo marabi, kwela ndi mayimbidwe a kumudzi zidakumana n'kubala mbaqanga. Ku Gallo, Rupert Bopape adasonkhanitsa Makgona Tsohle Band, Mahotella Queens ndi Mahlathini wa liwu lobangula lija. Boma la tsankho linkazikonda nyimbozi pa chifukwa chake: pa Radio Bantu mtundu uliwonse udali ndi wailesi yake, kuti anthu azikumbutsidwa kuti ngosiyana. Nyimbo zinkaunikidwa zisadaulutsidwe, ndiye oimba adaphunzira kubisa nkhani m'miyambi. M'nyengo yomweyi Joseph Shabalala, mnyamata wa kufamu pafupi ndi Ladysmith yemwe ankagwira ntchito ku Durban, ankati adamva m'maloto mayimbidwe ofewa kuposa omwe adazolowereka. Adaphunzitsa abale ake, ndipo Ladysmith Black Mambazo idayamba kupambana mipikisano mpaka kuiletsa kupikisana nawo. Chimbale chawo choyamba, Amabutho, chidatuluka mu 1973 ndipo chidagulidwa kwambiri.

Kufupi ndi Nelspruit, mu 1947, kudabadwa mwana wina yemwe ife sitiyenera kumudumpha. Ray Phiri adaleredwa ndi bambo wochokera ku Malawi, wogwira ntchito m'mafamu, woimba gitala yemwe anthu ankamudziwa ndi dzina loti Just Now Phiri. Bamboyo atavulala zala n'kusiya kuimba, gitala idagwera mwana. Ray adayamba ngati wovina, adaimba m'gulu la Cannibals, kenako adayambitsa Stimela pamodzi ndi woimba ng'oma Isaac Mtshali. Dzina la Phiri pa chikuto cha chimbale chomwe chidadzagwedeza dziko lonse lidafika kumeneko kudzera mu msewu womwe uja wa amuna opita ku Joni.

Paul Simon adachokera kwina kotheratu. Adakulira ku Queens, mu mzinda wa New York, ndipo adatchuka m'ma 1960 ali ndi mnzake Art Garfunkel. Atasiyana mu 1970, adapitiriza yekha, ndipo khutu lake lidali loyendayenda kuyambira kale: adaimbapo pa nyimbo ya ku Peru, adakajambulapo ku Kingston, ku Jamaica. Koma pofika 1984 zinthu zidamuthina. Chimbale chake cha Hearts and Bones cha 1983 sichidayende malonda, banja lake ndi Carrie Fisher lidatha, ndipo a kampani ya Warner Bros. adayamba kumuona ngati woimba wa dzulo. Apa ndi pomwe woimba wina wachitsikana, Heidi Berg, adamubwereka kaseti ya nyimbo za m'malokeshoni a ku Joni, momwe mudali za Boyoyo Boys. Simon adaimvera m'galimoto kwa miyezi, akung'ung'udza mawu akeake pamwamba pake. Adafufuza komwe idachokera, ndipo Hilton Rosenthal, yemwe ankajambula gulu la Juluka, adamutumizira zimbale zina zambiri.

Panjira padali chipika. Kuyambira mu 1980 bungwe la United Nations lidapempha oimba ndi aluso onse kuti asamapite ku South Africa, pofuna kulipanikiza boma la tsankho. Simon adali atakanapo kukaimba ku Sun City, malo achisangalalo a ku South Africa komweko, ngakhale ankamulonjeza ndalama zochuluka, ndiye sadali munthu wosadziwa nkhaniyi. Harry Belafonte adamulangiza kuti ayambe walankhula ndi a ANC. Sadatero. Maganizo ake adali oti woimba sapempha chilolezo kwa chipani, ngakhale chipani cholondola, komanso kuti iye ankapita kukajambula ndi anthu akuda, osati kukasangalatsa azungu. Mu February 1985 adatsika ndege ku Johannesburg ndi katswiri wake wojambula mawu, Roy Halee, n'kukhala pafupifupi milungu iwiri mu situdiyo ya Ovation. Ankalipira oimbawo katatu kuposa mlingo wa oimba a ku New York. Patangopita miyezi isanu, boma la P. W. Botha lidalengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti, asilikali n'kudzaza m'malokeshoni.

Mphamvu yaikulu ya chimbalechi idachokera pa mmene adagwirira ntchito milungu imeneyo. Simon sadabwere ndi nyimbo zopekeratu kuti anthu azimuperekeza. Adabwera chimanjamanja. Oimba ankangoyamba kugunda, ndime imodzi kwa mphindi khumi kapena kupitirira, Halee akujambula, iye akumvetsera. Atabwerera ku New York adadula matepi aja n'kuwalumikiza, ndipo pomaliza penipeni ndi pomwe adapeka mawu. Adasimbapo yekha kuti poyamba mawu ake ankakana kukhala, mpaka atazindikira kuti gitala ndi besi sizinkabwereza chimodzimodzi monga ankaganizira, zinkasuntha pang'onopang'ono, ndipo iyeyo ndiye adayenera kuzitsata. Kwa munthu yemwe moyo wake wonse adazolowera kuti gitala izitsata mawu ake, uku kudali kudzichepetsa kwenikweni, ndipo kumamveka.

Tamverani mmene chimbalecho chimayambira. Liwu loyamba si la Simon koma akodiyoni ya Forere Motloheloa wa ku Lesotho, wa gulu la Tau Ea Matsekha, yolemera ndi yaukali, kenako ng'oma ya Vusi Khumalo ikugwa ngati mfuti. Imeneyo ndi "The Boy in the Bubble", ndipo kwa ine ndi pomwe mawu ndi zida zidagwirizana koposa. Simon akuimba za mabomba, asilikali, chilala ndi zodabwitsa za sayansi, zonse m'mpweya umodzi, ndipo mantha a m'mawuwo ali kale mu akodiyoniyo. Pansi pa zonse pali besi ya Bakithi Kumalo, yopanda timizere tachitsulo pakhosi pake, yomwe imatsetsereka ndi kubuula ngati munthu. Mutachotsa Kumalo pa chimbalechi, theka la kukoma kwake lapita.

Nyimbo ya "Graceland" ili ndi kankhani kamene ndimakakonda. Kagundidwe ka ng'oma kadakumbutsa Simon nyimbo zakale za ku Memphis. Ray Phiri, poika gitala yake, adalowetsamo kodi yachisoni yomwe mu mbaqanga siipezekapezeka. Simon atamufunsa chifukwa chake, Phiri adayankha kuti ankangotsanzira mapekedwe a Simon yemweyo. Aliyense ankamvetsera mnzake, ndipo chomwe chidatuluka si cha ku Soweto chokha kapena cha ku Tennessee chokha. Pamwamba padabwera gitala yogoneka ya Demola Adepoju wa ku Nigeria, wa gulu la King Sunny Adé, ndi mawu a Everly Brothers, omwe Simon ankawatsanzira ali mnyamata. Nkhani yake ndi ya bambo yemwe banja lamuthera, ali pa ulendo ndi mwana wake kupita ku Graceland, nyumba ya Elvis Presley, osadziwa bwino chomwe akukafunako. Pa nyimbo zonse zomwe Simon adapeka, iyi ili m'gulu la zoona mtima kwambiri.

Ladysmith Black Mambazo sadajambule nawo ku Joni. Adakumana ku London, mu situdiyo ya Abbey Road, komwe adapanga "Homeless", Shabalala ndi Simon atagawana ntchito yopeka. Mulibe chida chilichonse, ndipo Simon adachita bwino kudzibweza m'mbuyo n'kukhala liwu limodzi pakati pa ena. M'dziko lomwe anthu oposa 3 miliyoni adasamutsidwa mokakamiza pakati pa 1960 ndi 1983, nyimbo ya anthu ogona panja sinkafunika womasulira. "Diamonds on the Soles of Her Shoes" idabwera mochedwa. Mu May 1986 oimbawa adali ku New York kukaonekera pa pulogalamu ya Saturday Night Live, kampani n'kusuntha tsiku lotulutsira chimbale, iwo n'kuona kuti angolowanso mu situdiyo. Mwayi umenewo udatipatsa gitala ya Phiri yowala koposa, ndi Youssou N'Dour wa ku Senegal akuthandiza pa ng'oma.

Chimbale chidatuluka pa 25 August 1986, zaka 100 chipezekereni golide uja, chili ndi nyimbo 11. Ndipo si zonse 11 zomwe zili pa mlingo umodzi. Ziwiri zomaliza sizikhudzana ndi Africa: "That Was Your Mother" adaimba ndi Good Rockin' Dopsie wa ku Louisiana, ndipo "All Around the World or the Myth of Fingerprints" adaimba ndi Los Lobos a ku Los Angeles. Cholinga chikumveka, ankafuna kuonetsa kuti akodiyoni ya Asutu ili ndi abale ake kutsidya kwa nyanja. Koma khutu lomwe lazolowera kuluka kwa Phiri ndi Kumalo limafika pamenepa n'kumva kuti nsalu yatha, kwatsala zigamba. Chimbale chomwe chidayamba ndi bingu chimatha mozilala. "Crazy Love, Vol. II" nayo ndi yofooka: gitala ikuyesetsa, koma nkhani yake ya banja lokangana siikugwira mtima, ndipo makina oimbira a nthawi imeneyo, omwe mu 1986 ankamveka amakono, lero ndiwo akalamba msanga kuposa china chilichonse. Ng'oma zina adazikuza ndi makina mpaka kutaya kufewa komwe mbaqanga imakhala nako.

"You Can Call Me Al" ndiyo idatchuka koposa, ndipo ili ndi zokoma zake: malipenga aja, kachitoliro ka Morris Goldberg komwe kamakumbutsa kwela, ndi kamphindi ka besi ya Kumalo komwe theka lake lachiwiri ndi tepi ya theka loyamba yoyendetsedwa chobwerera. Koma kanema wa nyimboyi, yemwe adaonetsedwa padziko lonse, muli anthu awiri okha, Simon ndi wanthabwala Chevy Chase. Omwe adapanga phokoso lomwe anthu ankavinalo sakuonekamo.

Apa ndi pomwe pali chilema chachikulu, ndipo chili m'mawu. Pa "I Know What I Know", General M. D. Shirinda ndi Gaza Sisters akuimba Chishangani mwamphamvu, pamene Simon akusimba za kucheza kwa mwamuna ndi mkazi pa phwando la anthu olemera. Kusiyanako kumaseketsa, ndipo mwina n'kumene ankafuna, koma amayi aja asanduka chokometsera nkhani ya munthu wina. Pa chimbale chonse tsankho silitchulidwa. Simon adayankha kuti sikudali kwa iye kuimbira anthu a ku South Africa mavuto awo, ndipo yankholi lili ndi nzeru, chifukwa nyimbo ya ndale yopekedwa ndi mlendo wa milungu iwiri ikadakhala yabodza. Komabe chaka chomwecho cha 1986 Ray Phiri yemweyo ndi Stimela adatulutsa "Whispers in the Deep", wailesi ya boma n'kuiletsa. Oimbawo adali ndi zonena, ndipo pa Graceland mpata wozinenera udali wochepa. Kuitana Linda Ronstadt kuti adzaimbe nawo "Under African Skies" kudawonjezera mkwiyo, popeza iye adali ataimba ku Sun City mu 1983. Liwu lake ndi lokoma, koma kusankhako kudali kosaganizira anthu, ndipo nyimboyo imajambula Africa wa mwezi ndi nyenyezi, yemwe alendo amakonda kumuona.

Anthu adachilandira ndi manja awiri. Ku Britain chidafika pa nambala 1, ku America pa nambala 3, chidapata mphoto ya Grammy ya chimbale chopambana mu 1987, ndipo nyimbo ya "Graceland" idapatanso ina mu 1988. Makope omwe adagulidwa adapitirira 14 miliyoni. Mkangano nawo udakula. Ku London gulu la Artists Against Apartheid, lomwe adayambitsa Dali Tambo, mwana wa a Oliver Tambo, pamodzi ndi Jerry Dammers, lidachita zionetsero pakhomo pa Royal Albert Hall, pomwe Simon ankaimba, mu April 1987. Mfundo yawo idali yomveka: chiletso chimagwira ntchito pokhapokha aliyense akachitsata, ndipo wina wotchuka akachiboola, ena atsatira. Koma Hugh Masekela ndi Miriam Makeba, omwe adakhala kunja kwa dziko lawo kwa zaka zambiri ndipo palibe akadawaphunzitsa za tsankho, adasankha kuyenda naye. Masekela ankati chiletsocho chidafika potsekera m'khola oimba akuda omwe chinkati chikuwamenyera nkhondo.

Ife a ku Malawi nkhaniyi tiyenera kuiweruza mofatsa. Boma la a Kamuzu Banda lidakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi Pretoria mu 1967, iwo eni adakachezako mu 1971, ndipo amuna athu adapitirizabe kupita kumigodi mpaka ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974 itaimitsa ulendo wa Wenela kwa kanthawi. Funso loti ungadye ndi ndani pa nthawi ya tsankho silidali la Paul Simon yekha.

Mu February 1987 Simon ndi gulu lonse adafika pa bwalo la Rufaro ku Harare, pomwe Zimbabwe idalandirira ufulu mu 1980. Ambiri adawoloka Limpopo kudzaonera, akuda ndi azungu ataima pamodzi. Ndimaona kuti zomwe zidasowa pa chimbale zidapezeka pa bwalo limeneli. Ray Phiri ndiye ankatsogolera bandi, Masekela adaimba poyera zofuna kuti a Nelson Mandela atulutsidwe, Makeba adaimba za ana a ku Soweto, ndipo adatseka ndi "Nkosi Sikelel' iAfrika". Simon adali mmodzi mwa oimba, nthawi zina ataima pambali. Chaka chomwecho adathandiza Ladysmith Black Mambazo kujambula Shaka Zulu, chomwe chidawapatsa Grammy yawo yoyamba mu 1988 n'kuwatsegulira zitseko zomwe mpaka lero sizidatsekeke.

A Mandela adatuluka m'ndende pa 11 February 1990, chiletso chidafewetsedwa, ndipo mu January 1992 Simon adakaimba ku Ellis Park ku Johannesburg, a ANC atavomereza. Achinyamata a AZAYO adakanabe, ndipo bomba lidaponyedwa pa ofesi ya kampani ina yomwe inkathandiza kukonza zoimbazo. Mu 2012, pokumbukira zaka 25 za chimbalechi, Joe Berlinger adatulutsa filimu ya Under African Skies, momwe Simon ndi Dali Tambo adakhala pansi n'kukambirana maso ndi maso. Adakumbatirana, koma aliyense adatsalabe ndi mfundo yake.

Nkhani ya mayina ndi ndalama ndiyo sidathe. Kunena zoona, Simon sadachite zomwe adachitiridwa Solomon Linda. Motloheloa, Shirinda, Shabalala ndi opeka a "Gumboots", nyimbo ina ya pa chimbalechi, adalembedwa ngati eni nyimbo pamodzi naye, ndipo izi pa nthawiyo sizinkachitikachitika. Koma Steve Berlin wa Los Lobos wakhala akunena poyera kuti nyimbo yomaliza ija idali yawo ndipo sadalembedwe.  Vuto lagona pa lamulo la umwini wa nyimbo, lomwe limazindikira wopeka mawu ndi mang'ombe koma osati munthu yemwe adatulukira kagundidwe ka gitala komwe nyimbo yonse yatsamirapo. Pa chimbale chomwe chidamangidwa kuchokera pansi, kuyambira ng'oma ndi besi, lamulo lotere limalipira womaliza kufika.

Ambiri mwa iwo adapita. Makeba adamwalira mu 2008, Ray Phiri mu July 2017 kwawo ku Nelspruit, Masekela mu 2018, Shabalala mu 2020, ndipo gulu lake likupitirira m'manja mwa ana ake. Bakithi Kumalo adasamukira ku America n'kuimba ndi Simon kwa zaka zoposa 30. Phiri, yemwe dziko lake lidamulemekeza ndi mendulo ya Order of Ikhamanga mu 2011, adadandaulapo kwa atolankhani kuti ntchito yake pa Graceland sidazindikiridwe mokwanira, ngakhale adabwereranso kudzaimba ndi Simon mu 2012. Mu 2021 Simon adagulitsa umwini wa nyimbo zake ku kampani ya Sony. Pa mndandanda wa opeka "Graceland", "You Can Call Me Al" ndi "Crazy Love, Vol. II" pali dzina limodzi, ndipo la Phiri limapezeka m'munsi, pa oimba gitala ndi othandiza kusanja zida.